LinkedIn Jobs: ntchito zimapezeka, koma dzina la udindo lokha lisakutengeni mtima

Lembani mawu oti "manager" pamalo ofufuzira ntchito pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti lolumikiza ofuna ntchito ndi olemba ntchito, muone zimene zibwere. Pamndandanda umodzi mupezapo woyang'anira nthambi ya banki, amene pansi pake pali antchito ambirimbiri, woyendetsa pulojekiti ya bungwe, komanso "Account Manager" amene sayang'anira munthu ngakhale mmodzi, ntchito yake ndi kuimbira foni makasitomala tsiku lonse. Onsewa amaikidwa pamodzi ngati a msinkhu umodzi. Chilema chachikulu cha LinkedIn Jobs chili pamenepa: kafukufuku wake watsamira pa maina a maudindo, pomwe mainawo palibe amene amawalondera.

LinkedIn inayamba mu 2003, Microsoft inaigula mu 2016 pa mtengo wa madola 26.2 biliyoni, ndipo mu 2023 mamembala ake anapyola biliyoni imodzi. Kutsegula akaunti, kufufuza ntchito ndi kutumiza CV ndi zaulere. Chichewa mulibe, ndiye zonse muziwerenga m'Chingerezi. Pa foni imagwira bwinobwino, koma masefa ofufuzira amaoneka onse bwino pa kompyuta. Ngati bando yanu ndi yowerengera, lowani mu Settings muzimitse makanema odziyambitsa okha, chifukwa ndi amene amadya kwambiri.

Vuto limayambira pa kabokosi kolembapo dzina la udindo. Mukayamba kulemba, LinkedIn imakupatsani maina odziwika oti musankhepo, koma sikukakamizani. Mutha kulemba chilichonse, ndipo wolemba anthu ntchito nayenso atha kutero. Kachizindikiro kotsimikizira malo a ntchito, kamene munthu amakapeza potsimikizira ndi imelo ya kuntchito, kamangosonyeza kuti ali ndi imelo ya kampaniyo. Sikanena kanthu za msinkhu wake. Kalaliki wa kampaniyo amene wadzilemba kuti "Head of Operations" amakapezanso kachizindikiroko.

Pofuna kuthandiza, LinkedIn inaika sefa ya msinkhu yokhala ndi magawo asanu ndi limodzi: Internship, Entry level, Associate, Mid-Senior level, Director ndi Executive. Maganizo ake ndi abwino, koma mawu anayi omalizawo ndi omwe amatanthauza zosiyana kwambiri malo ndi malo. Mu sefayi Executive ndi nsonga, akuluakulu oyendetsa kampani. Koma m'kalembedwe ka ku Britain, kamene makampani ambiri a kwathu kuno amatsata, "Sales Executive" kapena "Marketing Executive" ndi udindo woyambira, wa munthu amene amayenda ndi zitsanzo za katundu m'chikwama. Mid-Senior level yaphatikiza munthu wa zaka zochepa pantchito ndi wina amene watsala pang'ono kukhala dayilekitala. Ndipo popeza msinkhuwo amausankha ndi wolengeza ntchito, sizachilendo kupeza ntchito ya Entry level ikufuna zaka zitatu kapena zisanu za luso.

Mawu oti Associate ndiwo amasokoneza zedi, makamaka kwa ofuna ntchito m'mabungwe a United Nations. Kumeneko "Programme Associate" nthawi zambiri ndi wa giredi ya G-6, m'gulu la antchito othandizira amene amalembedwa m'dziko momwemo. "Associate Programme Officer" ndi wa P-2, m'gulu la akatswiri olembedwa padziko lonse, lokhala ndi malipiro ena ndi zofunika zina. Mawu ndi omwewo, angosinthana malo, koma ndi makwerero awiri osiyana. Chimene chimanena zoona ndi giredi: P-2 imafuna zaka zosachepera 2, P-3 zaka 5, P-4 zaka 7, P-5 zaka 10, ndipo NO-A mpaka NO-D ndi akatswiri a m'dziko momwemo. LinkedIn ilibe sefa ya giredi. Muyenera kuilemba nokha m'kabokosi kofufuzira, kapena kutsegula chilengezo chilichonse n'kuifunafuna.

M'mabanki akuluakulu a ku New York ndi London makwerero amayenda chonchi: analyst, associate, vice president, kenako director ndi managing director. Ndiye kuti vice president ali pakatikati chabe. Mu March 2012, Greg Smith atasiya ntchito ku Goldman Sachs n'kulemba za kusiyako mu New York Times, bankiyo inayankha kuti iye anali mmodzi mwa ma vice president pafupifupi 12,000. Pa kampani yopanga katundu dzina lomwelo lingakhale la munthu wachiwiri kwa mkulu wa kampani yonse. LinkedIn siisiyanitsa awiriwa, ndipo wofufuza amene sadziwa izi amaopa kufunsira ntchito imene akanaikwanitsa, kapena amataya nthawi pa imene ili kutali naye.

N'chifukwa chiyani olemba ntchito amafufumitsa maina? Dzina silidya bajeti. Kukweza malipiro kumafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pomwe kusintha "Assistant" kukhala "Coordinator" kumangofuna kalata imodzi. Nthawi zina dzinalo limapulumutsa ndalama kumene. Ku America, lamulo la Fair Labor Standards Act la 1938 limati wogwira maola opitirira 40 pa sabata alipidwe ovataimu, koma mamanejala olandira malipiro opitirira malire ena salowa m'lamuloli. Kuyambira 2004 mpaka 2019 malirewo anali madola 455 pa sabata. Lauren Cohen, Umit Gurun ndi Bugra Ozel, mu kafukufuku amene anatuluka kudzera ku National Bureau of Economic Research mu 2023, anapeza kuti maina aumanejala amachuluka mwadzidzidzi pa ntchito zimene malipiro ake angodutsa pang'ono malirewo, ndipo anawerengera kuti makampani amazemba ovataimu ya madola pafupifupi 4 biliyoni pachaka. Chimodzi mwa zitsanzo zawo chinali wolandira alendo pa desiki amene anapatsidwa dzina loti "Director of First Impressions". Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malamulo a ku Malawi ndi ena, ndipo Employment Act ya 2000 imaika maola 48 pa sabata, koma funso loti mufunse pa intavyu ndi lomwelo: kodi udindowu uli ndi ovataimu, kapena dzinali likutanthauza kuti ndizigwira mpaka usiku popanda chowonjezera? Izi zimatikhudza mtima, chifukwa amene amapwetekedwa kwambiri ndi achinyamata ongomaliza kumene sukulu, amene amasangalala ndi dzina asanaone pepala la malipiro.

Tikadati tilekere pamenepa tikanailakwira LinkedIn, chifukwa ili ndi chinthu chimodzi chimene nyuzipepala ndi magulu a WhatsApp olengeza ntchito alibe: imakuonetsani anthu amene ali kale pa udindowo. Tsegulani tsamba la kampani imene yalengeza ntchito, dinani People, lembani dzina la udindowo m'kabokosi. Choyamba werengani kuchuluka kwake. Ngati kampani ya anthu 40 ili ndi anthu 15 otchedwa manager, mwadziwa kale kuti dzinalo kumeneko ndi lopepuka. Kenako tsegulani mbiri za anthu atatu kapena anayi. Onani chaka chimene anamaliza sukulu, udindo umene anali nawo asanafike apa, ndi kumene amene anachoka analowera. Ngati "Business Development Manager" aliyense anamaliza koleji chaka chatha ndipo palibe amene wakhalapo kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, imeneyo ndi ntchito yotsatsa malonda ya komishoni, ngakhale chilengezo chisanene. Ngati ambiri anayamba ngati officer, n'kukhala senior officer, n'kufika pamenepa patapita zaka zingapo, makwererowo ndi enieni. Kufufuza kumeneku kumatenga mphindi khumi, ndipo kwa ife ndi chifukwa chokwanira chokhalira ndi akaunti.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo pochita zimenezi. Anthu amaona kuti mwatsegula mbiri yawo, pokhapokha mutasankha Private mode mu Settings, ndipo mukatero pa akaunti yaulere nanunso simuona amene atsegula yanu. Komanso akaunti yaulere ili ndi malire a kufufuza anthu pa mwezi. Mukawafika, zotsatira zimachepa mpaka pa 1 mwezi wotsatira, choncho musawononge mwayiwo pa makampani amene simukufuna kufunsirako.

Chilengezo chenichenicho chiwerengeni kuyambira pansi. Dumphani dzina ndi ndime yotamanda kampani, pitani pa mndandanda wa ntchito, muone mawu amene ayamba mzere uliwonse. "Approve", "lead", "set" ndi "supervise" ndi a munthu wokhala ndi mphamvu zogamula. "Assist", "support", "compile" ndi "follow up" ndi a wothandizira, kaya dzina pamwamba likuti Lead kapena Specialist. Funani mzere wa "reports to", chifukwa bwana wanu ndi amene amasonyeza msinkhu wanu: Head of Finance amene bwana wake ndi Finance Manager si mutu wa chilichonse. Ndiye onani ngati patchulidwa chiwerengero cha anthu oyang'aniridwa ndi kukula kwa bajeti. Manejala wopanda anthu, wopanda bajeti, wosasaina kanthu, ndi ofesala. Malipiro LinkedIn imaonetsa pamene wolengeza waika. M'malo ngati Colorado kuyambira 2021 ndi mzinda wa New York kuyambira November 2022 lamulo limakakamiza kuwaonetsa, koma zilengezo zambiri za kuno zimangoti "attractive package".

Pofufuza, musadalire dzina limodzi. Ntchito imodzi imakhala ndi maina anayi kapena asanu, ndiye aphatikizeni ndi OR wa zilembo zazikulu, dzina lililonse m'zizindikiro zogwira mawu: "accounts assistant" OR "finance assistant" OR "bookkeeper". NOT amachotsa zimene simukufuna. Kafukufukuyo amalowetsabe zina zimene LinkedIn yaganiza kuti n'zofanana, choncho mndandanda sukhala woyera kwathunthu, koma zinyalala zimachepa. Ikani Date posted pa sabata imodzi kuti musalimbane ndi zilengezo zakale. Ngati simudziwa maina ena a ntchito yanu, O*NET OnLine, tsamba laulere lothandizidwa ndi unduna wa zantchito wa ku America, lili ndi ntchito zoposa 900, ndipo pa iliyonse limapereka maina osiyanasiyana amene anthu amaitchula nawo pamodzi ndi mndandanda wa zochita zake. Tengani maina pamenepo mukawalembe pa LinkedIn. Open to Work, gawo la pa mbiri yanu losonyeza kuti mukufuna ntchito, imalola maina asanu. Dzazani onse ndi maina wamba amene olemba ntchito amafufuza.

Mbiri yanu nayo imagwidwa ndi msampha womwewu, chifukwa olemba ntchito amakufufuzani ndi maina. Elon Musk anadzitcha "Technoking of Tesla" mu March 2021 ndipo sizinamuchotsere kanthu, popeza dziko lonse limadziwa ntchito yake. Wogwira ntchito ku malesitilanti a Subway amene kampani imamutcha "Sandwich Artist" alibe mwayi umenewo, chifukwa wofuna anthu ogwira m'lesitilanti salemba "artist" pofufuza. Malangizo athu ndi akuti pa Experience mulembe dzina lenileni limene lili pa kontirakiti yanu, chifukwa ndi limene abwana anu akale adzatchule akadzafunsidwa, koma pa Headline, mzere wa pansi pa dzina lanu pamene pamalowa zilembo 220, mulembe dzina wamba la ntchitoyo. Pansi pa udindo ikani manambala: anthu angati, ndalama zingati, maboma angati. Amene ali ndi dzina lalikulu pa kampani yaing'ono achite chimodzimodzi. "Director" wa bizinesi ya anthu atatu akafunsira ntchito ya officer ku bungwe lalikulu, amatha kudumphidwa poganiza kuti adzafuna malipiro okwera, pomwe akanalemba kuti amayang'anira anthu awiri ndi mabuku a ndalama akanaoneka woyenera. Kwa ofuna ntchito ku Britain nkhaniyi ndi yolemera kwambiri: viza ya Skilled Worker imayendera nambala ya manambala anayi ya mtundu wa ntchito, ndipo nambalayo iyenera kugwirizana ndi zimene mudzachite tsiku ndi tsiku, osati dzina limene abwana alemba pamwamba pa kalata.

Nanga Premium, akaunti yolipira? Imakuonetsani amene atsegula mbiri yanu, imakuyerekezani ndi ena ofunsira ntchito yomweyo, ndipo imakupatsani mauthenga ochepa a InMail pa mwezi, otumizira anthu amene simunalumikizane nawo. Pa vuto la maina sithandiza kanthu, chifukwa imadalira zimene anthu analemba okha. Sitikuona chifukwa choti wofuna ntchito kuno alipire madola pa zimenezi. Mukafuna kuyesa mwezi waulere, dziwani kuti amafuna khadi la kubanki ndipo amayamba kudula okha mwezi ukatha, choncho lembani tsiku loti muimitse.

Chenjeraninso ndi zilengezo zimene dzina ndi lalikulu koma zofunika ndi zochepa modabwitsa, ngati "Regional Manager" wosafuna luso lililonse. Tsegulani tsamba la kampaniyo: ngati People ikuonetsa munthu mmodzi kapena palibe, ngati akukuuzani kuti nkhani ipitirire pa WhatsApp, kapena akupempha ndalama ya fomu, ya maphunziro kapena ya yunifolomu, musatumize CV kapena chithunzi cha chitupa chanu. Dinani timadontho titatu tili pambali pa chilengezocho musankhe Report this job.