R01 kapena R21: thandizo liti liyenera wofufuza wa ku Harare?

Achewa ena amene amafufuza za chifuwa chachikulu, HIV ndi mphumu muno mu Harare amayang'ana ku NIAID, nthambi ya boma la America yomwe ili pansi pa NIH, bungwe lalikulu la kafukufuku wa zaumoyo, mu mzinda wa Bethesda, pofuna ndalama zochitira kafukufuku. Kumeneko pali njira ziwiri zodziwika bwino zopezera thandizo la ndalama, R21 ndi R01.

R21 ndi yoyesera ganizo latsopano. Imatha zaka ziwiri, ndalama zogwirira ntchito sizipitirira madola 275,000 pa nthawi yonseyo, ndipo ikatha saiwonjezera. Ndondomeko ya kafukufuku imalembedwa pa masamba 6 okha, komanso salamula kuti wopempha akhale ndi zotsatira zoyambirira, ngakhale kuti amene ali nazo sazibisa.

R01 imafuna masamba 12 ndiponso umboni wooneka wakuti ntchitoyo ingatheke, koma imafika zaka zisanu ndipo munthu angapemphe kuti ipitirire. Apa ndi pamene mtima wanga ukupendekera. Wofufuza amene akutsata odwala chifuwa chachikulu ku Mbare ayenera kudikira chilolezo cha Medical Research Council of Zimbabwe (bungwe lovomereza kafukufuku wa zaumoyo), kulemba anamwino ntchito, kupeza odwalawo, kenaka kuwatsata miyezi 6 ya mankhwala, mwinanso kupitirira. Pofika pamenepo zaka ziwiri za R21 zakhala zitatha, makhololo akadali m'firiji osapimidwa.

R21 ikuyenera munthu amene ali kale ndi magazi osungidwa mu labotale, amene akungofuna kuyesa njira yatsopano yowapimira.