Sitolo yachiwiri itabwera kwathu ku Cosmo City: mitengo inagwera ndani?

Sitolo yaikulu yachiwiri itatsegulidwa kufupi ndi kwathu kuno ku Cosmo City, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, Amalawi ambiri tinkati basi, zinthu zitchipa. Papita miyezi tsopano, chikhamu cha masiku oyamba chija chinatha, ndipo ndaona mmene zinthu zilili. Mitengo inatsikadi, koma amene wapindula ndi yemwe ali ndi ndalama zogulira zambiri nthawi imodzi. Wamaganyu, yemwe amalandira lero n'kudya lero, sanamve kusintha kwenikweni.

Kale zinali zovuta kuti masitolo awiri a zakudya ayandikane chonchi. Sitolo yaikulu ikalowa mu mall, inkasainirana ndi mwini nyumbayo kuti asalowetsemo wina wogulitsa zakudya kwa zaka zambiri. Mu 2019 Competition Commission, nthambi ya boma yoona za mpikisano pa malonda, inatulutsa lipoti lonena kuti mapangano otere akupha mpikisano. Shoprite inavomera kuyamba kuwasiya mu 2020, Pick n Pay n'kutsatira. Lero Shoprite, Usave, Boxer ndi Spar akulimbirana madera ngati athuwa, komwe anthu akuchuluka tsiku ndi tsiku ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kukumangidwa zipinda za lendi. Boxer inafika polowa pa msika wa masheya wa JSE mu November 2024. Ndalama zathu zochepazi akuzifuna kwambiri, ndipo tiyenera kudziwa zimenezi tikamakankha tirole.

Phindu ndaliona kumapeto kwa mwezi. Sitolo ziwirizi zimaonerana: iyi ikatsitsa thumba la ufa la 10kg, inayo imatsitsa mafuta ophikira kapena shuga. Kombo ya ufa, mpunga, fulawa, shuga ndi mafuta ndi imene yandithandiza kwambiri. Pa gulu lathu la WhatsApp amayi ena amajambula mapepala a mitengo a masitolo onse awiri Lachinayi madzulo, ndiye munthu umachoka pakhomo ukudziwa kale koti ulowere. Khadi ya sitolo musaisiye kunyumba, chifukwa mitengo yambiri yofiira ija imagwira ntchito ukaonetsa khadi basi. Komanso ufa, buledi wa bulauni, mazira, mpunga, nyemba zouma, masamba, mafuta ophikira ndi nsomba za m'chitini za pilchards zilibe VAT ya 15%. Ukakhazikika pa zimenezi ndalama imatalika. Ukayamba kuponyamo mabisiketi ndi zakumwa, zonse zimene unapulumutsa zimathera pomwepo.

Zokhumudwitsa ziliponso m'sitolo yatsopanoyi. Katundu wotsitsidwa mtengo amatha m'mawa, ndipo wochokera ku ntchito madzulo amapeza pashelefu pali mbee. Kangapo mtengo wa pashelefu wasiyana ndi wa pa thilu. Amakonza ukadandaula, koma uyenera kuyang'ana lisiti usanatuluke pakhomo, ndipo mzere wa kumbuyo kwako umakhala ukung'ung'udza. Nkhuku ya mufiriji ya m'mapaketi aakulu ija imaoneka yotchipa mpaka uyiike pamoto. Ntchafu zimene zinadzaza poto zimafota, pansi n'kudzaza madzi amchere. Lamulo la dziko lino limalola kuti nthuli zotere azibaya madzi amchere mpaka 15%, choncho gawo la ndalama yako wagulira madzi. Kwathu tinabwerera ku butchala ndi kwa bambo wogulitsa nkhuku zamoyo Loweruka.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi ichi. Kuti upindule ndi thumba lalikulu uyenera kukhala ndi ndalama yathunthu tsiku limenelo, malo osungira, firiji, ndiponso yolipira thekisi kapena mnyamata wokunyamulira. Achimwene athu ambiri amagona atatu m'chipinda chimodzi, amaphikira pa sitovu ya mbale imodzi, ntchito yawo ndi ya m'magadeni a ku Northriding ndi Randburg yomwe lero ilipo mawa palibe. Iwowa amagulabe pa spaza, timagolosale ta m'makomo tija: dzira limodzi, kapaketi ka shuga, theka la buledi. Ukawerengetsa pa kilo, ndi amene akulipira mtengo wokwera kuposa tonsefe. Zimandiwawa kuti mpikisano wonsewu ukuwadutsa pambali.

Spaza sinafe, ndipo sindikuona ikufa. Imatsegula kusanache, imatseka mochedwa, ndipo mwini wake akakudziwa amakulemba m'kabuku mpaka Lachisanu, zomwe sitolo yaikulu singachite. Koma chichitikireni zovuta za ku Naledi ku Soweto mu October 2024, pomwe ana asanu ndi mmodzi anamwalira ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos, ndimasamala kwambiri. Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse alembetse ku khonsolo, ndipo nthawi yake inatha pa 28 February 2025. Ana anga sindiwalola kugula tchipisi zopakidwa m'timapepala topanda dzina, ndipo chilichonse cha m'paketi ndimayang'ana deti. Spaza ya pafupi nafe ndi yaukhondo, ndiye sindinaisiye.

Pa ndiwo ndiye sitolo yaikulu yalephereratu. Muli kabichi, sipinachi ndi karoti, koma nkhwani, mpiru, therere ndi bonongwe mulibe. Izi timagula kwa amayi ena a kwathu ku Mangochi amene amayala pamphepete pa msewu, ndipo basi ikafika kuchokera kumudzi amakhala ndi usipa, matemba, nsinjiro ndi mpunga wa Kilombero. Tomato ndi anyezi amapikula ku Joburg Market ku City Deep mbandakucha. Ukati, "Amayi, mulu uwu wachepa," amaseka n'kuikapo basela. Anandiuza kuti chitsegulireni sitoloyi tomato sakuyenda ngati kale, chifukwa pa mtengo wa paketi yaikulu sangapikisane nawo, koma masamba akwathu amatha dzuwa lisanapendeke.

Za njinga zamoto za Checkers Sixty60, zokasiya pakhomo katundu woitanitsa pa foni, sindinena zambiri. Zinayamba mu 2019 ndipo zadzaza misewu ya Johannesburg, koma ife timangoziona zikudutsa pa Malibongwe Drive kupita kwa mabwana.

Ngati mwangofika kumene ku Joni, abale anga, chimene chatithandiza ife ndi kugula pamodzi. Mabanja angapo a pabwalo pathu timasonkherana ngati chipereganyu, tsiku lolandira tipite awiri, tigule makombo ndi mafuta a malita asanu, tilipire galimoto imodzi, n'kudzagawana pakhomo. Mwa njira imeneyi ngakhale anyamata a m'chipinda chakuseri akudya ufa wa mtengo wa thumba lalikulu. Panopa tayamba kale kusunga za December, ndipo tikufuna banja lina limodzi lokhala ndi firiji yaikulu kuti tiwonjezerepo nyama.