$push mu MongoDB: zimene ndaona patapita miyezi ingapo

Kuyambira nyengo ya mvula ndakhala ndikusamalira kapulogalamu kolembera ngongole za banki m'khonde ku Area 25 muno mu Lilongwe, ndipo zonse zimasungidwa mu MongoDB, pulogalamu yosungira zolembedwa pakompyuta (database). Ngongole iliyonse ili ndi document yake, ngati tsamba lakelake la m'buku, m'kati mwake muli array (mndandanda) ya zobweza: tsiku, ndalama, nambala ya lisiti, komanso ngati munthu wapereka pamanja, pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Wina akabweza, $push, yomwe ndi lamulo lowonjezera zinthu mu array, imaika record yatsopano ya kubwezako kumapeto. Mpaka lero ndikukhutira nayo. Msungichuma akadina dzina pafoni, mbiri yonse ya ngongoleyo imabwera kamodzi, amayi asanamalize n'komwe kumasula ndalama pachitenje.

Pofunika kuchenjera ndi pa zolowa kawiri. Netiweki ikamavuta, msungichuma amadinanso poganiza kuti sizinapite. Ambiri amathamangira $addToSet, imene imawonjezera chinthu ngati mulibe kale mu array, koma iyo imakana pokhapokha record yonse ikufanana ndendende ndi inzake, mpaka ndondomeko ya ma field (magawo ake, monga tsiku ndi ndalama). Nthawi ikangosiyana pang'ono, zonse ziwiri zimalowa. Ndiye taganizani tsiku logawana, buku likunena zina, foni ikunena zina, pa ndalama zimene anthu anazipeza movutikira pogulitsa mandasi ndi tomato. Ine ndimaika $ne (kutanthauza "chosafanana ndi") mu filter ya updateOne, gawo losankha document yoti isinthidwe, kuti $push ichitike ngati lisitilo mulibe kale mu array. Poti MongoDB imasintha document imodzi yonse pakamodzi, kufufuza ndi kulemba sizisiyana, ndipo palibe cholowerera pakati.

Kukonza record imodzi yolakwika n'kosavuta ndi arrayFilters, yosankha record yoti isinthidwe mu array, imene inabwera ndi MongoDB 3.6.

Document imodzi siingapitirire 16 MB. Ngongole ya miyezi itatu siingafike ngakhale pafupi, n'chifukwa chake zobweza ndazisiya momwemo. Masheya ndi nkhani ina: amaponyedwa sabata ndi sabata, chaka chino ndi chamawa, ndipo array yotere imangokula, kuwerenga n'kumachedwa. Amenewo ali mu collection (gulu la ma document) yawoyawo. Mu document ya membala ndimangosunga khumi omaliza, pogwiritsa ntchito $each, yondandalika zowonjezera, ndi $slice ya -10, yodula array kuti mutsale khumi akumapeto. Dziwani kuti $slice siigwira popanda $each, ngakhale mukuwonjezera record imodzi yokha.

Amene mukulemba pulogalamu ya golosale kapena ya hadiweya, kumene malonda amalowa tsiku lonse, malisiti apatseni collection yawo kuyambira pachiyambi.