Arduino IDE ndi ma board a makampani ena: mmene ndaionera

Ndagwiritsa ntchito Arduino IDE, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera malangizo n'kuwatumiza mu ma board (timatabwa ta zamagetsi tokhala ndi chip), kwa zaka zingapo tsopano, ndipo chimene chandimangirira pa pulogalamuyi ndi kabokosi kakang'ono ka mu Preferences kolembedwa kuti Additional boards manager URLs. Ambiri amangokadutsa osakaona.

Ndinayambira pa Uno, board ya a Arduino eni ake. Chip yake ndi ATmega328P, imathamanga pa 16 MHz, ndipo RAM yake ndi 2 KB basi. Kuyatsa LED, kuwerenga sensa ya kutentha, zonsezi inkachita popanda vuto. Zinavuta nditafuna kuti manambala a sensayo azifika pa foni yanga, poti Uno imeneyi ilibe Wi-Fi. Apa mpamene ndinagula ESP32 ya kampani ya Espressif, chip yomwe inatuluka mu 2016, yokhala ndi Wi-Fi ndi Bluetooth m'kati mwake momwemo, yotha kufika 240 MHz. Mtima unali m'mwamba poganiza kuti ndiyambiranso kuphunzira zida zatsopano.

Sizinatero ayi. Ndinakopera adiresi ya fayilo ya JSON imene opanga chip amapereka, n'kuiika m'kabokosi kaja, n'kutsegula Boards Manager (gawo la IDE lowonjezerera ma board atsopano), n'kudina Install. Itamaliza, mndandanda wa ma board unatalika kwambiri, ndipo pulogalamu yanga yakale, ya setup() ndi loop() yomwe ija, inalowa mu ESP32 nditangosintha manambala a mapini. Sensa itayamba kulankhula ndi foni usiku umenewo, tulo tinandithawa ndi chimwemwe.

Kaganizidwe kake ndiko kamandigwira mtima. A Arduino, amene ntchito yawo inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, akanatha kunena kuti pulogalamu yathu ndi ya ma board athu okha. M'malo mwake, mu 2015 anabweretsa Boards Manager, ndipo aliyense wopanga hardware atha kulemba phukusi lake. M'phukusimo muli boards.txt, yofotokoza board iliyonse, ndi platform.txt, yonena compiler (pulogalamu yomasulira zimene mwalemba kuti chip imve) yogwiritsa ntchito komanso njira yotumizira pulogalamu mu chip. Ndi mafayilo a mawu wamba, mutha kuwatsegula n'kuwerenga nokha. Ine ndinaphunzira zambiri powawerenga kuposa mmene ndinkayembekezera. Mwa njira yomweyi ndinaikanso phukusi la Earle Philhower la RP2040, chip ya mu Raspberry Pi Pico, ndipo linagwira tsiku lomwelo.

Zovuta zilipo, ndipo ndisabise. Maphukusiwa ndi aakulu, chifukwa amabwera ndi compiler yawoyawo, choncho intaneti ikakhala yofooka pamafunika kudekha. Chachiwiri, khomo likakhala lotsegula amalowa ndi osasamala omwe. Ndinagulapo ka board kena kopanda dzina lodziwika, ndipo phukusi lake mwini wake analisiya kalekale osalikonza. Ndinataya masiku atatu ndikulimbana ndi mauthenga ofiira pansi pa sikirini, mpaka ndinakaponya m'kabati. Mlanduwo ndi wa wopanga ka board kaja, koma munthu wongoyamba kumene sangadziwe wolakwa ndani, amangoti pulogalamu yakana. Musanagule board, yang'anani kaye pa GitHub, tsamba la pa intaneti losungira mapulogalamu, ngati phukusi lake likukonzedwabe.

Chimene chandipulumutsa kangapo n'chakuti Boards Manager imalola kusankha version. Phukusi latsopano likasemphana ndi library (malangizo olembedwa kale ndi ena) imene mukudalira, mumabwerera ku lakale n'kupitiriza ntchito. Masiku ano ndimalemba nambala ya version pamwamba pa pulogalamu iliyonse, kuti ndikaitsegula patatha chaka ndisazunguzike.

Tinthu tiwiri kwa amene akuchoka pa Uno. Ngati kompyuta siikuona board yanu, kawirikawiri vuto limakhala driver (pulogalamu yothandiza kompyuta kuzindikira chida) ya kachip ka USB, CH340 kapena CP2102, apo ayi chingwe chongotchajira chopanda mawaya a data. Ndipo ESP32 imayendera 3.3V, pamene Uno ndi ya 5V. Ndinaotchapo pini imodzi chifukwa choiwala zimenezi, ndipo kulakwako kunali kwanga ndekha.

IDE 2.0 itatuluka mu 2022 ndinasamukirako, ndipo Boards Manager tsopano ili m'mbali mwa zenera, pafupi ndi dzanja. Ndikuipatsa nyenyezi zinayi ndi theka mwa zisanu. Theka lotsalalo ndidzapereka tsiku limene mndandanda uja udzayambe kuonetsa poyera kuti phukusi lililonse analikonza komaliza liti.