Omasulira Chifalansa a ku Limbe anandikonzera lalanje la buluu

Kaofesi kawo kali pamwamba pa sitolo ina ya zitsulo ku Limbe, mukakwera masitepe amdima, chitseko chachiwiri. Eni ake ndi abambo achikulire ochokera ku Congo, Chichewa amachiyankhula bwino lomwe. Ntchito yawo ya masiku onse ndi kumasulira masatifiketi, makalata a ukwati ndi mapepala a katundu wa malole. Ine ndinawapititsira ndakatulo. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina ku Ndirande, ndipo ndinkafuna kuti ana a kalabu yathu ya alakatuli alaweko zolemba za alakatuli a Chifalansa a gulu la surréalisme, lija André Breton analilembera chikalata chake ku Paris mu 1924. Chifalansa changa chinathera pa bonjour wa ku Fomu 2.

Tinagwirizana K12,000 pa tsamba, masamba anayi, theka kulipiriratu pa foni. Anati ndidzatenge Lachisanu, koma zinatheka Lachiwiri la sabata inayo, ati magetsi. Apo sindiwada, tonse tikukhala mu Blantyre momwemu.

Nkhani inali m'kati mwa mapepalamo. Paul Éluard, mlakatuli wa gululo, ali ndi mzere wotchuka wa mu 1929 woti "La terre est bleue comme une orange", kutanthauza kuti dziko ndi la buluu ngati lalanje. Abambowa m'Chingerezi chawo anali atalemba kuti dziko ndi lobulungira ngati lalanje. Ndinauzindikira chifukwa mzere umenewu ndinaumvapo kale, ndiye mawa lake ndinakwera minibasi kubwereranso.

"Bambo, nanga buluu wapita kuti?"

"Madamu, lalanje la buluu munalionapo kuti? Ine ndimati wotayipa analakwitsa."

Choseketsa n'choti mzere wotsatira, womwe umanena kuti palibe cholakwika ndipo mawu sanama, anaumasulira ndendende osakayika. Mlakatuli anawachenjeza yekha, iwo osamva.

Komabe sindinawapsere mtima. Munthu amene wakhala zaka akukonza mapepala a boma, dzanja lake limangothamangira kuwongola chilichonse chokhota. Pomwe alakatuli amenewa kukhotako ndiye kunali cholinga chawo. Mu 1919 Breton ndi mnzake Philippe Soupault ankalemba mothamanga chilichonse chobwera m'mutu, osapatsa nzeru mpata wosankha, potsatira maganizo a Sigmund Freud pa za maloto. Zimamveka ngati munthu wobwebweta kutulo. Anawa ndinawauza kuti ndi chilapi chopanda yankho: ukachipezera yankho wachipha.

Abambo aja nditawafotokozera anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kunena kuti abwereza osawonjezera ndalama. Ulendo wachiwiriwu ndi umene ndinaona kuti Chifalansa amachidziwa mpaka m'mafupa. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu pa mawu awiri okha, "ma femme", amene Breton amawabwereza mobwereza mu ndakatulo yake L'Union libre ya mu 1931, pomwe amayerekeza tsitsi la mkaziyo ndi moto wa nkhuni n'kumatsika thupi lonse chiwalo ndi chiwalo. Iwo anandionetsa kuti femme ndi munthu wamkazi aliyense, komanso ndi mkazi wa pabanja. Chingerezi chimakukakamiza kusankha limodzi mwa mawu awiri osiyana. Ukasankha la pabanja walowetsa ukwati m'ndakatulo imene mutu wake ukunena za kukhalira limodzi popanda ukwati. Ukasankha linalo likumveka ngati mwamuna wodzitama pa bawo. Kenaka anangoti, "Koma madamu, Chichewa chilibe vuto limeneli. Mkazi wanga, basi." Ndinakhala kaye chete. Chimodzimodzinso tu ndi vous: ife tili ndi iwe ndi inu, pomwe Chingerezi chili ndi liwu limodzi lokha loitanira bwenzi ndi apongozi omwe.

Ndakatulo ya Breton ija ilibe mpumiro ngakhale umodzi. Poyamba abambowa anali ataithira mipumiro ngati kalata yofunsira ntchito, koma anaichotsa yonse.

Pa mlakatuli wina, Robert Desnos, anavomera kuti agonja. Timizere take ta Rrose Sélavy, dzina lomwe analitenga kwa wojambula Marcel Duchamp, n'tosewera ndi kamvekedwe ka mawu. Dzinalo lokha ukalitchula mokweza limamveka ngati ukunena kuti chikondi ndiwo moyo. Iwo anasiya Chifalansacho momwe chilili n'kulemba pansi pake kufotokoza pamene pali nthabwala. Nthabwala yochita kufotokozedwa siseketsa, koma bola zimenezo kusiyana n'kundipekera zawo.

Anawo anazilandira mosiyanasiyana. Mnyamata wina wa Fomu 3 anati iye sakuonapo chodabwitsa, poti malalanje ogula pamsika wa Ndirande ndi obiriwira ndipo palibe amene amadandaula.

Ngati muli ndi satifiketi, pitani osaopa, ingowonjezerani masiku awiri kapena atatu pa tsiku limene akulonjezeni. Ngati ndi ndakatulo, pitani m'mamawa a malole asanadzaze pabenchi, khalani nawo pansi muwerengere limodzi, ndipo muwauziretu kuti pamene pakuoneka ngati polakwika asakhudzepo.