Kuchoka pa sinki kupita pa moto: zaka zanga m'khitchini ya Chifalansa

Amalume akandiimbira foni kuchokera ku Tsangano funso lawo silisintha: "Kodi mphwanga, ukadatsukabe mbale za azungu?" Ndimaseka n'kufunsa za mvula. Koma ndaona kuti ambiri kumudziko mumaganiza kuti wogwira ntchito m'malo odyera ndi munthu mmodzi yemwe amaphika, kutsuka ndi kuperekera. Ndiye ndati ndikufotokozereni za anthu amene ndimakhala nawo kuseri kwa chitseko chomwe alendo saloŵako.

Ndinafika ku Franschhoek mu 2017. Ndi katauni ka m'chigwa cha mphesa, ulendo wa ola limodzi ndi kanthu kuchokera ku Cape Town. Dzinalo limatanthauza ngodya ya Afalansa, chifukwa mu 1688 kunafika Afalansa otchedwa Huguenots, othaŵa chizunzo cha chipembedzo kwawo. Lero mumsewu mumamveka Chiafrikaans, Chixhosa, Chingerezi, ndipo Loweruka madzulo Chichewa ndi Chitumbuka ndithu. Chifalansa chinatsalira pa mayina a minda ndi pa zikwangwani za malo odyera.

Kathu ndi ka bistro, kamalo kakang'ono ka matebulo 14, komwe chakudya cha tsikulo chimalembedwa ndi choko pabolodi. Mkulu wa khitchini, amene tonse timangomuitana kuti Chef, anandiuza kuti ku Paris malo ambiri otere anayambitsidwa ndi anthu osauka ochokera kumapiri a Auvergne, omwe ankagulitsa makala ndi vinyo, bambo akusenza matumba a makala, mayi akuphika kuseri. Nditamva zimenezo ndinakumbuka anyamata a njinga za makala pamsewu wa Zalewa, ndipo malowo anasiya kundiopsa.

Ndinayambira pansi penipeni, pa udindo womwe Afalansa amati plongeur, ndiye kuti wodumphira m'madzi. Dzinalo silinama. Kuyambira 10 koloko m'maŵa mpaka pakati pa usiku manja ali mu sinki. Pamwamba pa plongeur pali commis, wophunzira kuphika. Pamwamba pake chef de partie, yemwe ali ndi mbali yakeyake, kaya nyama, kaya zozizira, kaya zotsekemera. Kenako sous-chef, wachiŵiri kwa mkulu. Kenako Chef mwini. Makwerero ameneŵa anawakhazikitsa Auguste Escoffier, Mfalansa yemwe ankayendetsa khitchini ya hotela ya Savoy ku London kuyambira 1890, ndipo anawapanga ngati a asilikali. Chef akalamula, yankho ndi "Oui, chef", basi. Zokambirana ndi maŵa.

Sabata yanga yoyamba ndinapalamula mlandu umene mpaka pano anzanga amandiseka nawo. Kumbuyo kwa chitofu kunali chimphika chachikulu chodzaza madzi abulauni, mafupa akuyandama, pamwamba mafuta ali mbuu. Ine poona kuti ndi nyansi zotsalira, ndinachinyamula movutikira, n'kukhuthulira zonse mu sinki, n'kuchikwecha mpaka chinaŵala. Ndinadikira kuyamikiridwa. Chef atafika anayang'ana mphika, anayang'ana ine, anavula chipewa n'kutuluka panja. Madzi amenewo anali fond, msuzi wa mafupa a ng'ombe owotcha, anyezi ndi karoti, umene unakhala pamoto kuyambira dzulo lake, ndipo misuzi yonse ya usiku umenewo inkayenera kuchokera m'menemo. Ndinadziŵa kuti ntchito yatha. Atabwerako anangoti popeza ndautaya, ndiuphike ndine. Anandiimika pafupi ndi mphika tsiku lonse, kuwengula thovu ndi chipande, moto uli pansipansi kuti usabwadamuke. Kuchokera tsiku limenelo fond inakhala yanga, ndipo ndi khomo limene ndinaloŵera pa moto.

Chef kwawo ndi kufupi ndi mzinda wa Lyon ku France. Sukulu wamba anaisiya ali ndi zaka 15 n'kuyamba maphunziro omwe kwawo amati CAP, zaka ziŵiri, masiku ena m'kalasi, masiku ambiri m'khitchini ya munthu wina akusenda anyezi. Akatopa amakonda kutikambira za Eugénie Brazier, mtsikana wa pafamu yemwe anayamba ngati wantchito wa m'nyumba, koma pofika 1933 malo ake aŵiri odyera anali ndi nyenyezi zitatuzitatu za Michelin, ulemu waukulu kwambiri pantchitoyi. Amati ngakhale Paul Bocuse, wophika wotchuka uja anamwalira mu 2018, atapita kukaphunzira kwa mayiyo anayamba ndi kulima dimba ndi kukama ng'ombe. Nkhani imeneyi amaikamba kuti tisanyoze sinki. Ine ndimaimva mwina: onsewo ankakwera makwerero m'dziko lawo, palibe amene ankawafunsa chiphaso chogwirira ntchito.

Wachiŵiri wake ndi mayi wachixhosa, ife timangoti Sisi. Analoŵa ngati wokolopa zaka zambiri zapitazo, lero ndiye amagwira khitchini Chef akachoka, ndipo kunena zoona bakha wake amaposa wa Chef, ngakhale izi sitinenera pagulu. Bakha ameneyu, confit de canard, amagona mu mchere usiku wonse, kenako n'kuphikidwa pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe mpaka nyama ichoke pafupa ndi supuni. Sisi ndiye anandiphunzitsa kugwira mpeni, zala zopinda ngati za mphaka, ndipo ndiye amaphika chakudya chathu antchito 4 koloko, nthaŵi zambiri nsima ya kuno yomwe amati pap ndi zotsala za nyama.

Kutsogolo kuli dziko lina. Mkulu wa operekera zakudya ndi bambo wa ku Lubumbashi ku Congo amene anaphunzira zamalamulo kwawo. Chifalansa chake n'chosalala kuposa cha Chef, ndipo alendo ochokera ku Ulaya akamumva amatsegula zikwama. Pali atsikana aŵiri a ku Bulawayo, mmodzi akuphunzira za vinyo, amatha kununkhiza tambula n'kutchula mtundu wa mphesa. Ndalama zothokozera, zomwe kuno kaŵirikaŵiri zimakhala 10 peresenti ya bilu, zimagwera iwowo. Ife a kumoto timadalira malipiro a pa ola, ndipo wa pa sinki amayambira pa malipiro otsikitsitsa amene boma limalola, omwe mu 2024 anali R27.58 pa ola. Mukamva kuti mwana wanu ali ku lesitilanti, mufunseni kuti ali mbali iti ya chitseko musanamutumizire mndandanda wa zofuna.

Ndipo ntchitoyi ili ndi nyengo ngati ulimi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi sitipuma, miyendo imatupa. June akafika kumazizira, mvula, matebulo opanda anthu, maola amadulidwa. Chimatipulumutsa ndi chikondwerero cha Bastille, chokumbukira tsiku la dziko la France, mu Julayi, pamene tauni yonse imavala zofiira, zoyera ndi zabuluu. Za 2020 sindifuna kukamba zambiri. Tinatseka kumapeto kwa Malichi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo anzanga angapo anakwera basi kubwerera kumudzi osabweranso.

Pano ndine commis, ndipo tchipisi ndi mbali yanga. Musaseke. Mwana wa ku Tsangano, wokulira m'munda wa kachewere, ndinkayesa kuti palibe angandiphunzitse za mbatata. Koma za pachiwaya ndi izi n'zosiyana. Timazidula mofanana, kuziviika m'madzi ozizira kuti ufaufa uchoke, kuziumitsa ndi nsalu, kuzikazinga koyamba m'mafuta osatentha kwambiri mpaka zifeŵe osapsa, kuziziziritsa, ndiye mlendo akaitanitsa steak frites, nyama ya ng'ombe ndi tchipisi, timaziponyanso m'mafuta otentha zedi kwa mphindi zochepa. Kunja khirikhiri, mkati ngati phala. Tsiku lina Chef anatola imodzi m'dengu langa, anatafuna, sananene kanthu, n'kutolanso ina.

Chondiŵaŵa n'chakuti pamwamba pa commis pamafunika mapepala: chiphaso chogwirira ntchito chokhazikika, ndi satifiketi ya sukulu yophika, yomwe ndalama zake si zamaseŵera. Pali mkulu wina wa ku Nkhata Bay m'lesitilanti yoyandikana nafe, amadziŵa mbali zonse za khitchini, ophunzira ochokera ku koleji amadzera m'manja mwake n'kumupitirira, iye akadali pomwepo chaka chachisanu ndi chinayi. Achinyamata amene mukufuna kubwera, yambani mwafufuza za chiphaso, ndipo ngati mungathe kupeza satifiketi ya zophika kumudzi komweko, itengeni.

Mwezi watha pa sinki panabwera mnyamata watsopano wa ku Mangochi. Tsiku lake loyamba ndinamugwira dzanja mpaka kumbuyo kwa chitofu, ndinamuloza chimphika chija, n'kumuuza m'Chichewa chomveka bwino kuti ngakhale chioneke chonyansa bwanji, asachikhudze.