Makabati a kukhitchini kwathu ku Mchengautuwa: mmene amisiri a ku Luwinga anatigwirira ntchito

Anzanga a kumvano ndi a kuntchito akhala akundifunsa kuti khitchini ija munakonzetsa kuti, ndiye ndinkangoti dikirani kaye dzinja lidutse chifukwa kabati ya ku Mzuzu siyamikiridwa mu Okutobala. Tinaikitsa kusanagwe mvula, pano papita miyezi 7, mvula yonse ija yagwa tili nawo, tsopano nditha kunena zoona zake, zabwino ndi zomwe zinandipweteka mtima.

Nyumba yathu ndi yakale, tinaigula kwa munthu. Khitchini yake yaying'ono, mamita atatu uku, uku awiri ndi theka, sinki ya simenti ndi kabati imodzi yomwe pansi pake panali patafufuma ngati buledi wonyowa. Ukatsegula chitseko chake fungo la chinyontho limakulandira, mphemvu nazo zinali zitapeza kwawo. Abambo a kunyumba ankati tingopenta basi, ine ndinakana, ndinati ngati tikuswa tiswe kamodzi.

Tinayenda malo atatu. Poyamba mushopu ina m'tauni momwe amagulitsa makabati opangiratu ochokera kunja, oyera mbee, owala, moti ndinagwa nawo m'chikondi pomwepo. Koma mnyamata wa mushopumo funso lake linali limodzi, mamita angati mayi. Sanafunse kuti nyumba ili kuti, timaphikira chani, ayi. Nditasuzumira kuseri kwa shelefu ndinaona kuti ndi chipboard, utuchi wopanikiza uja, zomwezo zomwe zinatiwolera kunyumba. Achiwiri anali a ku Lilongwe, tinawapeza pa Facebook, zithunzi zawo zokongola kwambiri sindikana, koma amafuna ndiwatumizire miyeso pa WhatsApp, ndilipire ndalama zambiri asanayambe kuphatikizapo thiransipoti ya mtunda wopitirira makilomita 350, ndiye ndinadzifunsa kuti hinji ikadzathyoka adzakwera basi kubwera kuno chifukwa cha hinji imodzi? Mwina ndi anthu abwino, koma mtima unakana.

Achitatu ndi omwe tinawatenga, kagulu ka akalipentala ku Luwinga, bambo wachikulire ndi anyamata ake atatu. Pamalo pawo palibe chokopa, shedi ya malata, utuchi mbwee, mashini akulira. Chomwe chinandigwira mtima ndi choti anakana kundipatsa mtengo. Anati mayi, sindingakuuzeni ndalama ya chinthu chomwe sindinachione, ndibwera mawa. Ndipo anabweradi, pa njinga yamoto, tepi m'thumba, pensulo kukhutu.

Atafika sanayambe ndi kuyeza. Anagwira khoma la kuseri kwa sinki ndi chikhatho, kenako anakanda pang'ono ndi msomali, pulasitala inangoyoyoka yonyowa. Anati apa pali paipi ikudontha mkati, mukaika kabati pamenepa ngakhale itakhala ya mlombwa iwola, itanani pulambala kaye ndipo khomali liume milungu iwiri kapena itatu ndisanabweretse thabwa lililonse. Munthu wofuna ndalama mwachangu sakananena zimenezo. Pulambala ataswa anapezadi kuti joini ya paipi inali itachita dzimbiri, imadontha kaya kwa zaka zingati.

Kenako anafunsa kuti amaphika ndani kawirikawiri m'nyumba muno. Ndinati ine ndi mwana wa achemwali anga amene timakhala naye, ndife aafupi tonse. Ndiye anati tabweretsani poto wa nsima amene mumaphikira banja lonse ndi mthiko wake. Anasanjikiza njerwa ndi thabwa pamwamba, naikapo potoyo, akuti tavundulani ngati mukuphika. Pa masentimita 90, pomwe makhitchini ambiri amaikira pamwamba pa makabati, kuonjezera stovu ya gasi ya patebulo ndi kutalika kwa poto, chigongono changa chimafika m'mwamba, mphamvu yovundulira panalibe. Anachotsa njerwa imodzi, kenako ina, mpaka ndinati apa ndiye bho. Mapeto ake malo odulira ndiwo ndi sinki anasiya pa 90, koma poikira stovu anatsitsa kufika pa 70. Abale, chinthu chimenechi chokha ndi chomwe ndimawathokozera tsiku lililonse, kale ndinkatsitsa poto pansi kuti ndivundule bwino, pano nsima imapsera pa stovu pompo ndipo phewa silindiwawanso. Makhitchini a pazithunzi aja anajambulidwira anthu ophika zakudya zongotakasa ndi supuni, ife nsima yathu imafuna munthu aikepo thupi.

Mmene anayalira zinthu ndi motere, makabati atsata makoma awiri ngati chilembo cha L. Sinki ili pansi pa windo kuti kuwala kuzilowa komanso pazitha kuuma, stovu ili khoma linalo pafupi ndi chitseko chotulukira kuseri, firiji kumapeto pafupi ndi khomo lochokera pabalaza kuti ana akamafuna madzi ozizira asamadutse pamoto. Kuchoka pa sinki kupita pa stovu ndi masitepe awiri. Ine ndinkafuna katebulo ka pakati kaja ndimakaona m'mafoni, anandiyezera pansi ndi choko nkundionetsa kuti mpata wodutsa utsala wosakwana ndi theka la mita, pomwe pamafunika mita yathunthu kuti munthu awerame kutsegula kabati wina nkudutsa kumbuyo kwake. Ndinakhumudwa tsiku limenelo koma ankanena zoona.

Za kuseri ndi zofunikanso. Tonse tikudziwa kuti magetsi amazima, gasi naye amatha pakati pa mwezi, nyemba sungaphikire gasi, ndiye mbaula siichoka pakhomo. Anatiuza kuti mmisiri womanga atikonzere kakhonde kofolera kunja kwa chitseko chija, mbaula izikhala pamenepo pamodzi ndi thumba la makala, osati m'nyumba chifukwa utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha, makamaka miyezi yozizira ino anthu akamatseka mawindo onse. Silinda ya gasi nayo ili panja m'kanyumba kake ka mabowo m'munsi, paipi yokha ndi imene yalowa, chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akamadontha amatsikira pansi nkudzadzana m'kabati osatuluka. Anasiyanso mpata pansi pa mbali imodzi wokwana zigubu ziwiri za malita 20 za tsiku lomwe mpopi wauma, ndi dilowa yaitali ya matayala momwe mumalowa chidebe cha ufa chotseka. Ufa sukhalanso pa simenti.

Pa zipangizo anandifotokozera mosabisa. Thupi la makabati anapangira blockboard, bodi ya timatabwa tomatidwa pamodzi mkati mwake, ya mamilimita 18, ya kampani ya Raiply ya ku Chikangawa konkuno, zitseko za m'mwamba ndi MDF, bodi ya ufa wa matabwa wopanikiza, chifukwa imasalala bwino ikapentedwa, koma anati MDF ikamwa madzi imatupa ndipo sibwereranso, ndiye pansi pa sinki sanaikepo. Matabwa a paini a mafelemu anagula ku Zigwagwa koma anawaimika mushedi mwake kuti aume kaye, akuti thabwa laliwisi limapindika likafika m'nyumba. Makabati onse a pansi akhala pa kamaziko ka njerwa ka masentimita 10 kuti madzi okolopera asamawafike. Pamwamba ndinkafuna mwala wowala uja wa granite koma mtengo wake unatithawitsa, ndiye tinathira silabu ya konkire nkuikapo matailosi akuluakulu a 60 kwa 60 kuti mizere yolowa litsiro ichepe. Sizikuwala ngati granite koma poto wotentha ndimangoikapo osaopa.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Anati milungu inayi, inakwana isanu ndi iwiri. Milungu itatu yoonjezerayo tinkaphikira pakhonde, mbale zili m'makatoni pabalaza, apongozi atabwera kudzatiyendera kuchokera ku Ekwendeni anatipeza tikutsuka mbale m'beseni panja. Kuchedwa ndimamvetsa, magetsi akazima mashini sagwira, koma chomwe chinandiwawa ndi kusayankha foni. Masiku anayi athunthu foni ikungoitana, ndalama zanga zili kwa iwo, usiku tulo osabwera. Mpaka ndinakwera kabaza kupita konko, ndinawapeza akumalizitsa mabenchi a sukulu ina. Ndinawauza kuti bambo, mukanangondiuza kuti mwalandira ntchito ina ndikanamva, kukhala chete ndi kumene kumaononga. Anapepesa, ndipo kuyambira pamenepo ankayankha.

Chachiwiri mahinji. Pa kotesheni tinagwirizana mahinji otseka pang'onopang'ono aja, koma zitseko zinayi za pansi anyamata anaikamo wamba, awiri anayamba dzimbiri mu Febuluwale. Anabwera kudzasintha osandilipiritsa, koma ndinachita kuimba katatu. Kampepala ka m'mphepete mwa chitseko cha pafupi ndi sinki nako kanamatuka, anamatanso, pano kakugwira. Ndipo kabati ya pakona ndi yakuya kwambiri, zomwe zili kumapeto kwake ndimachita kugwada nkulowetsa mutu kuti ndizipeze, moti ndangoikamo mapoto a pa zinkhoswe ndi pamaliro amene satuluka kawirikawiri. Pamenepa ndikuona kuti akanatha kuganiza bwino, kapena kundichenjeza poyamba.

Masoketi musaiwale, ife tinatsala pang'ono kulakwitsa. Wamagetsi abwere matailosi asanamatidwe, muwerenge zonse zomwe mudzalumikize, ketulo, firiji, mayikulowevu, ndi soketi ina yapadera. Kalipentala uja ndi amene anatikumbutsa, nkujambula pakhoma ndi pensulo pomwe soketi iliyonse ikhale, kutali ndi mpopi.

Pa ndalama sinditchula chiwerengero chifukwa chingakusokeretseni, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya mabodi ndi zitsulo sikhazikika, iwonso kotesheni yawo anati ikhala milungu iwiri yokha. Mtengo wawo unali pakati, wokwererapo kuposa kalipentala wa m'mbali mwa msewu, wotsika kuposa a ku Lilongwe aja. Tinalipira theka poyamba kuti agule mabodi, gawo lina atabweretsa makabati, lotsala atamaliza kuika, zonse pa Airtel Money kuti umboni uzikhala mufoni, ndipo chojambula cha makabati chokhala ndi miyeso tonse tinasainapo, aliyense nkusunga pepala lake. Pepala limeneli ndi lomwe linandithandiza pa nkhani ya mahinji, panalibe kukangana, ndinangowaonetsa.

Ndiye amene mumandifunsa ngati ndingawatengenso, eya ndingawatenge, ndipo mlamu wanga wa ku Chibavi ndamutumiza kale komweko, ndangomuuza kuti pa masiku omwe akuuze aonjezerepo milungu itatu mumtima mwake ndipo asamalize kulipira asanatsegule chitseko chilichonse nkuona hinji yake. Dzulo kunagwa kamvula kaja kosakata ka tsiku lonse, nkhungu itakuta mpaka ku Kaning'ina osaoneka, ndinatsegula kabati ya pansi pa sinki nkupisamo dzanja mpaka kukhoma, mouma gwa. Chatsala ndi kashelefu kokoka ka pakona paja, tagwirizana kuti abwera Loweruka kudzayeza.